Kulambula njira ya alendo m'phiri osakwirira kasupe

Mvula yoyamba ikagwa ku Chipata, kaimeni pamlatho muone Lunkhwakwa. Madzi amabwera ofiira psuu, olemera ngati phala la mawere. Dothi limenelo latsika m'mapiri otizungulirawa. Lina lachokera m'minda ya malo otsetsereka, lina pomwe anawotchapo makala, ndipo lina, lomwe anthu sakonda kuliwerengera, lachokera m'tinjira tomwe timapondamo tsiku ndi tsiku.

Masiku ano magulu ambiri, a achinyamata, a mipingo ndi osamalira nkhalango za m'midzi, akuganiza zolambula njira zoti anthu a m'tauni ndi alendo opita ku Mfuwe azikwera phiri Loweruka, kupalasa njinga, kuona mbalame, n'kusiya kangachepe m'mudzi. Ena afika mpaka poganiza za bwalo la gofu. Ine ganizo la njirali ndikugwirizana nalo ndi mtima wonse, chifukwa mtengo womwe ukubweretsa ndalama uli chiimire sagwetsa msanga. Koma gulu lathu linaphunzira mowawa. Tinalambula njira yolunjika kuchokera m'munsi mpaka pansonga ya phiri mu Seputembala, yooneka bwino, alendo n'kumatiyamikira. Pofika Febuluwale njirayo inali chigwembe chofika m'maondo, ndipo mchenga wake wonse unakathera pachitsime pomwe amayi a midzi iwiri ankatunga madzi. Tinatha masabata atatu tikufukula chitsimecho, nkhope zili zolimba ndi manyazi.

Tinazindikira kuti njira iliyonse ya m'phiri ndi ngalande, kaya mwafuna kaya simunafune. Pomwe phazi lapondaponda, dothi limalimba, madzi salowanso pansi, amangothamanga. Ntchito yonse yolambula njira yagona pakuwachotsa madziwo m'njiramo asanapeze liwiro.

Yambani mwayenda ndi madzi

Musanagwire khasu, dziwani kumene madzi a phiri lanu amapita. Chitani izi nthawi ya dzinja, Januwale kapena Febuluwale, mvula ikugwa kumene, osati m'chilimwe pomwe khwawa lililonse limaoneka ngati lofatsa. Valani jombo, kwerani pamwamba, ndipo tsikani motsatira madzi. Onani pomwe akusonkhana, pomwe akutumphuka pansi, pomwe dothi likunyowa ngakhale dzuwa litawala masiku atatu. Paliponse pomwe pamera katope, mkuyu, bango kapena udzu wa m'dambo, pansi pake pali madzi.

Kuno kwathu nkhaniyi ndi yaikulu kuposa mmene timaganizira. Malire a Zambia ndi Malawi m'dera lino amatsatira msana wa mtunda womwe umagawa madzi: ogwa mbali ya Mchinji amapita ku nyanja ya Malawi, ogwa mbali yathu amatsikira ku Luangwa. Ndiye kuti ife tili kumutu kwenikweni kwa mitsinje. Palibe wina kumtunda kwathu woti timuloze chala. Ndipo madzi omwe a Eastern Water and Sanitation Company amapopera m'mipopi ya m'tauni kuchokera ku madamu a Lutembwe anayamba agwa pa mapiri ndi madambo ngati anuwo. Dothi lililonse lomwe mwalimasula kumtunda limakachepetsa damu kumunsi.

Mukabwerako, khalani pansi pa mtengo ndi anthu omwe amalidziwa phirilo: amayi otola nkhuni ndi bowa, anyamata oweta ng'ombe, akulu ofula uchi, asing'anga okumba mankhwala. Jambulani mapu pansi ndi kamtengo, miyala ikhale mapiri, phulusa likhale mitsinje. Kenako wina awakopere papepala. Muikepo akasupe onse, zitsime, madimba, pomwera ng'ombe, mitengo ya masuku, ming'oma ya njuchi ndi manda. Mapu amenewa ndi omwe adzakuuzeni kumene njira siyenera kudutsa, ndipo zimenezo n'zofunika kuposa kudziwa kumene idutse.

Malowo ndi a yani?

Phiri lopanda mwini kulibe. Yambani ndi anyakwawa a mudzi, iwo akutengereni kwa amfumu, motsatira mwambo wake, kaya muli m'dziko la Inkosi ya Makosi Mpezeni kaya la Kalonga Gawa Undi. Musatumize kalata chabe. Pitani, khalani pansi, fotokozani, ndipo mumve. Kumadera a Achewa nkhalango ya kumanda ndi dambwe si malo opitako munthu wamba, ndipo njira ya alendo isayandikeko n'komwe, ngakhale mitengo yake itakhala yokongola kuposa ina yonse. Nthawi zambiri imakhaladi yokongola, chifukwa ndi yokhayo yomwe nkhwangwa sinaikhudze. Isiyeni choncho.

Ngati phirilo lili m'nkhalango yotetezedwa ndi boma, pitani ku ofesi ya zankhalango ya m'boma lanu. Lamulo la nkhalango la 2015, pamodzi ndi malamulo ake a 2018 okhudza nkhalango za m'midzi, limalola anthu a m'mudzi kupanga gulu, kulilembetsa, ndi kupangana ndi boma kuti azisamalira nkhalango ndi kupindula nayo. Ngati gulu lotere lilipo kale kwanuko, njirayo ikhale m'manja mwake, musayambitse lina lopikisana nalo. Za madzi ndi za bungwe la boma la WARMA, za chilengedwe chonse ndi za bungwe la boma la ZEMA. Kanjira ka miyendo sikangakuvutitseni kwambiri kumeneko, koma mukayamba kukamba zomanga nyumba zogona alendo, kutseka mtsinje kapena bwalo la gofu, maofesi awiriwa muwaone musanakumbe kalikonse. Kumadera a nyama zakutchire, monga ku Mambwe, muonjezerepo a zanyama ndi komiti ya m'deralo yoyang'anira zachilengedwe, chifukwa kumeneko mlendo sayenda popanda womuperekeza wodziwa njovu.

Kusankha mzere wa njira

Apa m'pomwe pali mutu wa nkhani, ndipo musafulumirepo. Tsiku limodzi lomwe mungathe mukukhoma ndi kuzula zikhomo lidzakupulumutsani ku miyezi yokwirira zigwembe.

Njira isalunjike kumwamba. Iyende chopingasa phiri, ikukwera pang'onopang'ono, ngati mmene ng'ombe yolema imakwerera. Amene munapangapo mizere ya akalozera m'munda ndi chingwe ndi kalevulo, kapena ndi chimango chija chooneka ngati chilembo cha A, nzeru yake ndi yomweyo, kungoti mzere wa m'munda sukwera pomwe njira imakwera pang'ono.

Tengani chingwe cha mamita 10, timitengo tiwiri totalika mofanana ndi kalevulo. Wina aime kumunsi, wina kumtunda. Wa kumunsi akweze chingwe mpaka kalevulo asonyeze kuti chafanana. Mpata womwe wakwezawo ndiwo kukwera kwa malowo. Malamulo ndi awiri. Loyamba, njira yonse mukaiphatikiza isakwere kupitirira mita imodzi pa mamita 10 alionse. Pa thanthwe kapena pa miyala mutha kupyola pang'ono kwa kamtunda kochepa, koma pa dothi la mchenga muchepetse ndithu. Lachiwiri ndi lomwe ambiri salidziwa: kukwera kwa njira kusapitirire theka la kutsetsereka kwa phirilo pamalo amenewo. Yezani kaye phiri molunjika kumunsi, mmene mwala ungagubudukire. Ngati likutsika mamita 2 pa mamita 10, njira yanu isakwere kupitirira mita imodzi. Ngati likutsika mita imodzi yokha, njira isapitirire theka la mita. Mukapyola apa, madzi amaona kuti m'njira ndi mophweka kuposa kutsika phiri, ndiye amakhotera momwemo n'kuisandutsa mtsinje. Izi zimachitika ngakhale pa kachitunda kooneka kopanda vuto, ndipo n'chifukwa chake tinjira ta m'midzi yathu timakumbika ngakhale pamalo pomwe munthu sapuma n'komwe movutikira.

Chinthu china: njira isakwere mosalekeza. Pa mamita 10 mpaka 15 alionse, itsike pang'ono kwa masitepe atatu kapena anayi kenako ikwerenso. Pa kadzenje kameneko madzi onse omwe amayenda m'njira amatayikira kumbali. Woyenda sazindikira n'komwe, amangomva kuti njirayo ikukoma kuyendamo. Gwiritsani ntchito zomwe zilipo: zungulirani mtengo cha kumunsi kwake, dutsani mwala cha kumtunda, tsikirani m'kakhwawa n'kutulukamo. Motero simudula mtengo ndi umodzi womwe. Ife tinadziikira lamulo loti mtengo wonenepa kuposa mkono wa munthu sudulidwa, njira ndiyo ipatuke.

Pomwe phiri lakana, njira ikhote n'kubwerera, ngati njoka. Pokhota pakhale pamalo ofatsirapo, potambalala bwino, ndipo pakati pa mizere iwiriyo pakhale chotchinga, kaya mwala, chitsamba cha minga kapena chipika. Mukapanda kutero anthu adzadulira, makamaka ana asukulu potsika, ndipo chidule chimenecho ndicho chidzakhale chigwembe.

Pewani malo awiri omwe amakopa maso. Oyamba ndi pansi penipeni pa chigwa, chifukwa madzi saiwala khwawa. Achiwiri ndi malo athyathyathya ngati dambo, chifukwa madzi alibe kothawira, amangosanduka matope, anthu n'kumalambalala mbali iyi ndi iyo mpaka kanjira ka munthu mmodzi katambalala ngati msewu. Malo abwino ndi m'nthiti mwa phiri.

Ndipo dzifunseni kuti mlendo akufuna kuona chiyani. Akufuna thanthwe loonerapo tauni yonse ngati mmene anthu amaonera ali pa Kanjala, akufuna mthunzi wopumirapo, akufuna kumva madzi. Mukapanda kumufikitsa kumeneko adzadzipangira yekha njira. Choncho mufikitseni kumtsinje pamalo amodzi olimba, a miyala, kumunsi kwa potungira madzi, kenako mumubweze kumtunda. Kwina konse njira italikirane ndi mtsinje mamita osachepera 30, ndipo a WARMA akakuuzani mtunda woposa pamenepo, tsatirani wawowo. Pakasupe penipeni mlendo asafikepo. Amuone ali chapatali.

Mukakhoma zikhomo zonse, yendanimo kawiri, pokwera ndi potsika, muli ndi agogo mmodzi ndi mwana mmodzi. Pomwe agogo aima n'kugwira m'chiuno, pamenepo pakwera kwambiri. Pomwe mwana wadulira, pamenepo mzere wanu walakwika.

Kukumba

Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa mvula, Epulo ndi Meyi, dothi lili lonyowa pang'ono moti mukalifumbata limagwirana. Mu Okutobala mumangofukula fumbi, lomwe mvula yoyamba imadzalikokolola lonse. Vuto ndi loti Epulo ndi Meyi anthu ali kokolola, choncho panganani masiku, m'mawa umodzi kapena iwiri pa sabata.

Zida ndi zomwe muli nazo kale: makasu, piki, fosholo, zikwanje, wilibala, ndi chipika chosindikira dothi. Thirakitala kapena chigalimoto chopala msewu chisayandikire.

Yambani ndi kusadza nthambi, kuti munthu wamtali adutse osawerama. Kenako palani masamba ndi dothi lakuda la pamwamba. Dothi limeneli ndi la chonde koma siligwira, likanyowa limaterera. Limwazeni kutali cha kumunsi, mopyapyala, kuti udzu umerepo, osaliunjika m'mphepete mwa njira. Kumbani m'nthiti mwa phiri mpaka mupeze dothi lolimba, katondo kapena la timiyala, ndipo popondapo ponse pakhale pa dothi lolimbalo. Ambiri amakumba theka n'kuunjika dothi lofukulalo kuti likwanire theka linalo. Zimafulumira, koma mbali younjikayo imagumuka chaka chomwecho.

M'lifupi masentimita 60 akwana ngati ndi ya miyendo, 90 ngati mudzadutsanso njinga. Musaonjezere. Njira yotambalala imaitana ngolo, ndipo ngolo ikalowa m'nkhalango imatuluka ndi makala.

Popondapo papendekeke pang'ono cha kumunsi kwa phiri. Pa njira ya masentimita 60, mbali yakunja itsike ndi masentimita 3, ngati zala ziwiri. Kuti mudziwe ngati mwakhoza, thirani madzi a m'botolo pakati pa njira. Akadutsa chopingasa n'kutayikira kunja, zili bwino. Akayamba kuyenda motsatira njira, konzaninso. Khoma lomwe mwasema cha kumtunda musalisiye lili chiimire, ligonekeni kuti udzu ugwirepo. Pomaliza sindirani kwambiri, ndipo masamba omwe munapala aja muwabwezere m'mbali monse momwe dothi lili pambalambanda.

Ngati mukukonza njira yakale yomwe inalunjika kale kumwamba, monga yathu ija, pali zochita ziwiri. Yabwino ndi kuitseka: gaulani dothi lake, ikani miyala ndi nthambi mopingasa, bzalani vetiva kapena nsenjere m'mizere, ndipo pakhomo pake mutchingepo moti munthu asaone kuti panali njira. Ngati simungathe kuitseka chifukwa ndi yomwe anthu amapitira kumunda, kwirirani mizere ya miyala kapena zipika mopendekeka, osati mopingasa ndendende, kuti madzi azitsetserekera kunja. Potulukira madzipo yalani miyala ndipo mubzale vetiva kumunsi kwake. Dziwani kuti mizere yotereyi imadzaza mchenga msanga, imafuna kuipala mvula yaikulu iliyonse ikatha. Pokwera kwambiri ikani masitepe a miyala ikuluikulu, yoti anthu awiri ainyamule movutikira. Mwala womwe munthu mmodzi anganyamule, madzi nawo anyamula.

Powoloka

Wolokani mtsinje kamodzi kokha ngati n'kotheka, molunjika, pomwe magombe ndi olimba ndiponso mtsinje sukukhota. Njira itsikire kumtsinje kuchokera mbali zonse ziwiri, kuti madzi akasefukira asakhotere m'njira, koma masitepe ochepa musanafike pamadzi ikani kadzenje kotayira madzi kaja, kuti matope a m'njira athere mu udzu osati mumtsinje. Pa kakhwawa kakang'ono miyala yopondapo yakwana. Pa waukulu, mitengo ya bulugamu iwiri kapena itatu yokhomapo matabwa, yokhazikidwa pa miyala pamwamba pa pomwe madzi amafika chaka cha mvula yambiri. Afunseni akuluakulu kuti madzi anafikapo pati, ndipo yang'anani zinyalala zomwe zinakodwa m'nthambi. Matabwa ake musakadule mbawa kapena mlombwa wa m'mphepete mwa mtsinje womwewo.

Dambo lizungulireni. Dambo ndi nkhokwe ya madzi, ndilo limadyetsa mtsinje mu Seputembala ndi Okutobala. Mukalikumba ngalande kuti njira iume, mwaboola nkhokweyo.

Chimbudzi, zinyalala, moto, matayala

Chimbudzi chikhale poyambira njira, mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime kapena mtsinje, ndiponso kumunsi kwa potungira madzi. Migolo ya zinyalala m'phiri musaike, anyani amamwaza ndipo palibe amene adzakwere kukakhuthula. Lamulo likhale loti chomwe wakwera nacho utsike nacho, ndipo woperekeza alendo azinyamula thumba. Kuwotcha nyama kukhale pamalo amodzi okha, opalidwa bwino, kumunsi. Sopo asalowe mumtsinje.

Moto wa mu Seputembala ndi Okutobala, wa osaka mbewa ndi osuta fodya, ndi womwe umasiya phiri lili mbee mvula ikamabwera. Gwirizanani ndi a zankhalango ndi amfumu za kutentha msanga, mu Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse, ndipo lambulani m'mbali mwa njira chaka chilichonse.

Chipata ndi tauni ya njinga kuyambira kale, ndipo njinga yakapalasa siononga njira yomangidwa bwino, bola dothi likhale louma. Mvula ikagwa usiku, njinga zidikire. Njinga zamoto ayi, zimafukula dothi pokwera. Ng'ombe nazo zikhale ndi mpita wawo, ndipo zimenezi mukambirane ndi eni ng'ombe poyambirira pomwe, osati mutamaliza.

Nanga bwalo la gofu?

Apa ndilankhule mosabisa mawu. Kumutu kwa mtsinje, m'nkhalango yomwe idakali chiimire, bwalo la gofu lisamangidwe. Masewerawo alibe mlandu, ndipo Chipata ili nalo kale bwalo lake m'tauni, komwe anyamata ambiri apezako ndalama ponyamulira osewera zikwama, ena mpaka kuphunzira kusewera. Vuto ndi malo ndi madzi.

Bwalo la maenje 18 limadya mahekitala 50 kapena kuposerapo, la maenje 9 pafupifupi theka lake. Tsono werengani nokha. Milimita imodzi ya madzi pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. M'nyengo yotentha udzu wothirira umafuna mamilimita ngati 5 pa tsiku, ndiye malita 50,000 pa hekitala, omwe ndi migolo 250 ya malita 200. Wina akafuna kuti mahekitala 20 akhale obiriwira mu Okutobala, ndi malita 1,000,000 tsiku lililonse, zigubu 50,000 za malita 20. Amene anaona chilala cha 2024, chomwe Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, akudziwa kuti madzi oterewa kamtsinje ka kumudzi sikangapereke popanda madimba a kumunsi kuuma.

Komabe wina akabwera ndi ndalama zake, amfumu n'kuona kuti n'zothandiza, pali zoyenera kuumirira, ndipo zilembedwe.

Bwalo likhale pa malo omwe anagwetsedwa kale mitengo, monga munda woguga kapena famu yakale, kumunsi kwa chigwa, kutali ndi akasupe ndi madambo. Liyambe ndi maenje 9. Mitengo yomwe ilipo, misuku, miombo, misangu, ikhale mbali ya bwalolo, ndipo pakati pa mizere yosewerera pasiyidwe tchire lachilengedwe. Udzu ukhale kapinga wathu yemweyu, yemwe amauma m'chilimwe n'kuphukanso mvula ikagwa. Kuthirira kukhale pa malo osalala ozungulira dzenje ndi poyambira kumenya mpira basi, zomwe pa maenje 9 sizifika kutali ndi hekitala imodzi. Kwina konse kufiire m'chilimwe, mpira umagubuduka bwinobwino pa udzu wouma. Madzi othirira achokere m'damu laling'ono lokolola madzi a mvula pabwalo pomwepo, osati kupopa mumtsinje mwezi womwe amayi akufukula mchenga kufuna madzi, ndipo chilolezo cha WARMA chioneke ndi maso. Lipoti lopita ku ZEMA la mmene bwalolo lidzakhudzire chilengedwe nalo lifotokozedwe pamsonkhano wa mudzi m'chinenero chomwe anthu akumva.

Mabwalo ena a kumadera ouma amaika mchenga pozungulira dzenje m'malo mwa udzu. Nzeruyo imapulumutsa madzi, koma chizolowezi chosakaniza mchengawo ndi oyilo wakuda wotsika m'injini muchikane. Oyiloyo amalowa pansi ndipo amakatulukira m'chitsime.

Feteleza ndi mankhwala ndiye pofunika maso. Feteleza wokokoloka amadyetsa ndere ndi namasupuni m'damu, madzi n'kuyamba kununkha, nsomba n'kumafa. Choncho asathiridwe kumwamba kukaoneka kuti kukubwera chimvula, athiridwe pang'onopang'ono, ndipo m'mphepete mwa mtsinje, dambo kapena ngalande iliyonse pasiyidwe lamba wa udzu wosatchetcha wa mamita 30, wosathiridwa kanthu. Mankhwala a chiswe ndi opha udzu asungidwe m'nyumba yokhoma ya simenti pansi, ndipo posakanizira ndi potsukira mapampu pakhale kutali ndi madzi. Pakhale buku lolembamo tsiku, dzina la mankhwala ndi kuchuluka kwake, lomwe komiti ya mudzi ili ndi ufulu woliona. Achule akasiya kulira m'dambo la kumunsi kwa bwalo, musadikire wina wochokera ku Lusaka kuti adzakuuzeni kuti zinthu zalakwika.

Chomaliza pa gofu, chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa feteleza, ndi mapepala a malo. Malo a mfumu akasinthidwa kukhala a pepala la zaka 99, pansi pa lamulo la malo la 1995, kuwabweza n'kovuta zedi. Musanavomere, mulembe njira zomwe anthu adzapitirize kudutsamo popita kumadzi, kumanda ndi kotola masuku, komwe ng'ombe zidzadyere, ndi chomwe chidzachitike bwalolo likadzagwa. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mpanda wa waya umatsala.

Ndalama ndi kusamalira

Nzeru yoti alendo alipire ndipo ndalamayo itsale kwa eni dziko si yachilendo m'chigawo chino. Mu 1950 Norman Carr, katswiri wosamalira nyama zakutchire, anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kupatula malo a nyama ku Luangwa, ndalama za alendo n'kumapita kwa anthu a mfumuyo, ndipo kuyenda pansi poona nyama komwe South Luangwa yatchuka nako kunachokera kwa Carr yemweyo. Chomwe alendo amalipira kumeneko si njira chabe, ndi munthu wowaperekeza yemwe amadziwa phazi la nyama ndi dzina la mtengo. Inunso phunzitsani achinyamata anu, atsikana ndi anyamata, kwa akulu aja munajambula nawo mapu: mtengo uwu ndi wa chiyani, bowa uyu amadyedwa kapena ayi, mbalame iyo ikalira ndiye kuti chiyani.

Mtengo wolowera ukhale wodziwika, wolembedwa pachikwangwani, wotsika kwa ana asukulu, ndipo anthu a m'mudzi opita kuntchito zawo asalipire. Lisiti iperekedwe nthawi zonse, ndalama zisungidwe ku akaunti ya gulu yosayinira anthu atatu, ndipo ziwerengedwe poyera pamsonkhano. Musanagawe kalikonse, patulani gawo la kukonzera njira. Magulu ambiri amagwa pamenepa, chaka choyamba onse amabwera ndi makasu mwaulere, chachiwiri amabwera atatu.

Kukonza kwake sikovuta ngati simukuchedwa. Mu Okutobala, mvula isanayambe, palani potayira madzi ponse. Mvula yaikulu ikagwa, anthu awiri ayendemo m'mawa mwake ndi khasu. Chomwe azifuna kwambiri ndi kamzere ka dothi komwe kamadziunjika kokha m'mphepete mwa njira cha kunja. Kamaoneka kachabechabe, koma kamatsekera madzi m'njira, choncho kapalidwe. Gawo lomwe lachita matope litsekedwe kwa masiku angapo, ngakhale alendo atadandaula. Mu Disembala bzalani mitengo yachilengedwe ndi vetiva pomwe paonekera dothi.

Kuti mudziwe ngati njira yanu ikulakwira mtsinje, sungani mabotolo awiri oyera ofanana. Mvula ikangokata, tungani madzi mamita 20 kumtunda kwa powolokera, ndi ena mamita 20 kumunsi kwake. Aikeni pawindo usiku wonse. M'mawa yerekezani matope omwe akhala pansi, lembani tsiku, ndipo jambulani ndi foni. Akafanana, pitirizani. La kumunsi likachuluka matope, bwererani ndi khasu, muyambire pamadzi kukwera m'njira, mukuyang'ana pomwe timiyala tayera chifukwa dothi lachokapo. Nthawi zambiri mupeza kuti ndi potayira madzi pamodzi pomwe padzaza mchenga, masitepe ochepa chabe kuchokera pagombe.